Mtchona wa ku New York: Mbiri ya Kanema wa Stranger Than Paradise

M'mwezi wa Meyi chaka cha 1984, anthu amene adasonkhana mumzinda wa Cannes, m'dziko la France, pa chikondwerero cha makanema chimene chimachitika chaka ndi chaka, adaonera kanema wina wodabwitsa wochokera ku America. Zithunzi za kanemayu zidali zakuda ndi zoyera basi, pamene makanema ambiri a nthawi imeneyo adali a mitundu yowala. M'kanemamo mudalibe nkhondo kapena kuthamangitsana kwa magalimoto, ndipo mwa onse amene adaseweramo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adali wotchuka pa zisudzo. Nkhani yake idali ya anthu atatu osauka: mtchona wa ku Hungary wokhala ku New York, msuweni wake wongofika kumene, ndi bwenzi lawo lokonda juga. Ngakhale zidali choncho, pakutha pa chikondwererocho kanemayu adalandira mphotho ya Caméra d'Or, imene imaperekedwa kwa okonza makanema ongoyamba kumene. Dzina lake ndi Stranger Than Paradise, kutanthauza chinthu chachilendo kuposa paradizo, ndipo adamukonza ndi Jim Jarmusch, amene panthawiyo adali ndi zaka 31.

Mbiri ya kanema ameneyu ndi yofunika pa zifukwa zitatu. Choyamba n'chakuti adafotokoza moyo wa anthu obwera m'dziko la eni m'njira imene idali isanazolowereke. Chachiwiri n'chakuti adaonetsa achinyamata kuti munthu angathe kukonza kanema wabwino popanda chuma cha makampani akuluakulu a ku Hollywood. Chachitatu n'chakuti adatuluka panthawi imene makanema adayamba kulowa m'nyumba za anthu kudzera m'matepi a vidiyo, ndipo kusintha kumeneku ndi kumene kudamuthandiza kuti asaiwalike.

Anthu a ku Hungary ku America

Kuti munthu amvetse kanemayu, ayenera kuyamba wadziwa za ulendo wa anthu a ku Hungary opita ku America. Hungary ndi dziko laling'ono lopanda nyanja yamchere, limene lili pakati pa Ulaya, ndipo likulu lake ndi Budapest. Kuyambira cha m'ma 1880 kufikira pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka mu 1914, anthu miyandamiyanda adachoka m'midzi ya dzikoli chifukwa cha umphawi ndi kusowa kwa malo olima, popeza minda yaikulu idali m'manja mwa eni chuma owerengeka. Ambiri mwa iwo adali amuna amene cholinga chawo chidali kukagwira ntchito zaka zingapo, kusunga ndalama, kenaka n'kubwerera kwawo kukagula munda. Adakalowa ntchito m'migodi ya malasha ku Pennsylvania ndi m'mafakitale osungunula zitsulo ku Ohio. Ena adabwereradi, koma ambiri adaitanitsa akazi ndi ana awo, nakhazikika komweko.

Mzinda wa Cleveland, umene uli m'mphepete mwa nyanja ya Erie m'chigawo cha Ohio, udasanduka mudzi waukulu wa anthu amenewa. Adamanga nyumba zawo m'dera la msewu wa Buckeye Road, kumene munthu ankatha kugula, kupemphera ndi kukwatira osayankhulako Chingerezi. Mu 1891 adayambitsa nyuzipepala yotchedwa Szabadság, dzina lotanthauza ufulu. Mu 1892 adakhazikitsa parishi ya St. Elizabeth, ndipo mu 1902 adaimika chipilala cha Lajos Kossuth, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu wa Hungary ya mu 1848. Khomo lidatsekeka mu 1924 pamene boma la America lidakhazikitsa lamulo lochepetsa kwambiri chiwerengero cha anthu olowa m'dzikomo kuchokera kum'mawa ndi kummwera kwa Ulaya.

Khamu lina lidabwera patatha zaka zoposa 30. Pa 23 Okutobala 1956 anthu a mu Budapest adaukira boma lachikomyunizimu, koma pa 4 Novembala asilikali a Soviet Union adalowa mumzindamo ndi akasinja nathetsa kuukirako. Anthu pafupifupi 200,000 adathawa m'dzikomo, ambiri a iwo podzera ku Austria, ndipo oposa 30,000 adalandiridwa ku America. Ambiri adafikira pa msasa wa Camp Kilmer ku New Jersey asanamwazikane m'mizinda yosiyanasiyana.

Pofika m'ma 1980 zinthu zidali zitasintha. Mafakitale ambiri a ku Cleveland adali atatsekedwa. Mzinda umene udali ndi anthu oposa 900,000 mu 1950 udatsala ndi anthu osakwana 600,000 mu 1980, ndipo mu Disembala 1978 udalephera kubweza ngongole zake. Ana ndi zidzukulu za anthu a ku Hungary adali atasamuka ku Buckeye Road, ambiri ataiwala chiyankhulo cha makolo awo. Amene adatsala osunga chiyankhulocho makamaka adali nkhalamba. Dziko la America limene kanemayu adajambula ndi limeneli: la mafakitale ozima moto, la misewu yopanda anthu, ndi la nkhalamba zoyankhula chiyankhulo chimene adzukulu awo akuchita nacho manyazi.

Jim Jarmusch ndi anzake

Jim Jarmusch adabadwa pa 22 Januwale 1953 ku Cuyahoga Falls, pafupi ndi mzinda wa Akron ku Ohio, mtunda wosatalika kuchokera ku Cleveland. Makolo ake akale adachokera kumaiko a ku Ulaya, ndipo amayi ake adagwirapo ntchito yolemba za makanema m'nyuzipepala ya ku Akron. Adaphunzira za mabuku pa yunivesite ya Columbia ku New York, ndipo adakhalako miyezi ingapo ku Paris, kumene ankathera masiku ake m'nyumba yosungira makanema ya Cinémathèque Française, kuonera ntchito za akatswiri a ku Japan, France ndi maiko ena. Atabwerera adalowa sukulu ya makanema ya New York University. Kumeneko adakhala wothandizira wa Nicholas Ray, mkulu amene adakonza Rebel Without a Cause mu 1955. Kudzera mwa Ray, amene adamwalira mu 1979, Jarmusch adadziwana ndi Wim Wenders, wokonza makanema wa ku Germany. Kanema wake woyamba, Permanent Vacation, adatuluka mu 1980, koma adaoneredwa ndi anthu ochepa.

Masiku amenewo New York udali mzinda wosauka. Mu 1975 udatsala pang'ono kugwa chifukwa cha ngongole, ndipo m'madera ena, monga Lower East Side, nyumba zambiri zidali mabwinja. Popeza lendi idali yotsika, oimba, ojambula ndi ochita zisudzo achinyamata adadzazana kumeneko, namathandizana pa ntchito zawo. Atengambali a Stranger Than Paradise adachokera m'gulu limeneli. John Lurie, amene adasewera ngati Willie, adali woimba chitoliro cha saxophone m'gulu la The Lounge Lizards, ndipo ndi iye amene adapeka nyimbo za m'kanemamo. Richard Edson, amene adasewera ngati Eddie, adali woimba ng'oma woyamba wa gulu la Sonic Youth. Cecillia Stark adasewera ngati azakhali, mayi Lotte.

Eszter Balint, amene adasewera ngati Eva, adali mlendo weniweni. Adabadwira ku Budapest mu 1966. Bambo ake, Stephan Balint, adali m'gulu la zisudzo limene boma la Hungary lidaliletsa kuonetsa masewero poyera, kotero kuti linkachitira masewero ake m'nyumba yogona. Gululi lidachoka m'dzikomo mu 1976, ndipo mu 1977 lidakhazikika ku New York ndi dzina lakuti Squat Theatre. Motero mtsikana amene adaoneka m'kanemamo akuyenda ndi katundu wake m'misewu ya mzinda wachilendo ankasewera chinthu chimene adachidziwa kuyambira ali mwana.

Umphawi ubala luso

Kanemayu sadajambulidwe nthawi imodzi. Wim Wenders atamaliza kanema wake wotchedwa The State of Things, filimu yojambulirapo zithunzi zakuda ndi zoyera idatsalako pang'ono, ndipo idaperekedwa kwa Jarmusch. Ndi filimu yotsalayo, iye ndi anzake adajambula gawo loyamba la mphindi pafupifupi 30 m'masiku owerengeka chabe mu 1982. Wogwira kamera adali Tom DiCillo, mnzake wa kusukulu, ndipo woyendetsa ntchito yonse adali Sara Driver. Gawoli lidaonetsedwa palokha ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, mu 1983. Pambuyo pake Otto Grokenberger wa ku Germany pamodzi ndi wailesi yakanema ya ZDF adapereka ndalama zomalizira ntchitoyo, ndipo magawo awiri otsalawo adajambulidwa ku Cleveland ndi ku Florida kumayambiriro kwa 1984. Ndalama zonse zimene zidalowa pa ntchitoyi zidangopitirira pang'ono madola 100,000, pamene makanema a ku Hollywood a nthawi imeneyo ankadya mamiliyoni.

Kuchepa kwa filimu kudabala kajambulidwe kachilendo. Nthawi zambiri okonza makanema amajambula chochitika chimodzi kangapo, kuchokera mbali zosiyanasiyana, kenaka n'kudula ndi kulumikiza zidutswazo. Njira imeneyi imadya filimu yambiri, ndipo Jarmusch sakadaitha. Tsono adaganiza zojambula chochitika chilichonse mosadukiza, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kamera itaima malo amodzi kapena ikusuntha pang'ono chabe. Pakati pa chochitika china ndi chinzake adaikapo mdima wa kanthawi kochepa. Kanema yense, amene ndi wa mphindi 89, ali ndi zidutswa 67 zotere. Zotsatira zake n'zakuti woonera amakhala m'chipinda pamodzi ndi atengambali, namamva kutalika kwa nthawi monga momwe iwo akuimvera. Anthu akasowa chonena, kamera imadikira. Nthabwala zambiri za kanemayu zimabadwa m'kudikira kumeneku.

Nkhani yake

Gawo loyamba limatchedwa The New World, ndiko kuti dziko latsopano. Willie, amene dzina lake lenileni ndi Béla Molnár, ankakhala m'kachipinda kamodzi ku New York, ndipo ankapeza ndalama potchova juga. Tsiku lina azakhali ake adamuimbira lamya kuchokera ku Cleveland kumuuza kuti msuweni wake Eva akubwera kuchokera ku Budapest, ndipo ayenera kumusunga masiku khumi chifukwa iwo akukagonekedwa m'chipatala. Azakhaliwo ankayankhula chiyankhulo cha kwawo, koma Willie adawaumiriza kuti ayankhule Chingerezi. Eva atafika, Willie adamulandira monyinyirika, namuletsanso kuyankhula chiyankhulo cha kwawo m'nyumbamo.

Masiku khumiwo adatha popanda chachikulu chochitika. Willie adayesa kuphunzitsa Eva moyo wa ku America. Adamuonetsa chakudya chophikiratu cha m'kabokosi chimene amadya akuonera wailesi yakanema, nanyadira kuti safunika kutsuka mbale. Eva adafunsa kumene nyamayo idachokera, popeza sinkaoneka ngati nyama. Adayesa kumufotokozera malamulo a mpira wa ku America, koma adakanika, ndipo Eva adati masewerowo ndi opusa. Eva adali ndi kawailesi ka kaseti kamene ankaimbirapo nyimbo imodzi yokha, I Put a Spell on You, ya Screamin' Jay Hawkins ya mu 1956, ndipo Willie ankadana nayo. Chodabwitsa n'chakuti mlendoyo ndiye ankakonda nyimbo yeniyeni ya ku America, pamene wodzitcha mwini dzikoyo sankaidziwa. Willie adayamba kumulemekeza Eva tsiku limene adabwera ndi zakudya ndi ndudu zimene adatenga m'sitolo osalipira. Potsazikana adamugulira diresi kuti azioneka ngati anthu a kumeneko, koma Eva atatuluka panja adalivula nalitaya m'bini.

Gawo lachiwiri lidachitika patatha chaka. Willie ndi Eddie adapata madola 600 pobera anzawo pa juga ya makadi, nabwereka galimoto kupita ku Cleveland kukaona Eva. Adamupeza akugulitsa zakudya m'kalesitilanti kakang'ono, akukhala ndi azakhali aja, amene ankalamula aliyense m'chiyankhulo chawo ndiponso kupambana pa makadi nthawi zonse. Paulendo umenewu Eddie adadziwa bwino kuti mnzakeyo adabisa dzina lake ndi kwawo. Kunja kudali chisanu choopsa. Atatuwo adapita kukaona nyanja ya Erie, koma adangoona kuyera kokhakokha, osasiyanitsa madzi, mtunda ndi thambo. Eddie adadandaula kuti munthu amapita kumalo atsopano koma zonse zimaoneka chimodzimodzi.

Gawo lachitatu limatchedwa Paradise. Atatuwo adapita ku Florida, dera lofunda limene anthu a ku America amaliyesa paradizo. Adagula magalasi a dzuwa, nafikira m'nyumba ya alendo yotchipa, ndipo adamubisa Eva kuti alipire za anthu awiri okha. Anyamatawo adamusiya yekha m'chipinda n'kukataya ndalama pafupifupi zonse pa mpikisano wa agalu. Eva, akuyenda m'mphepete mwa nyanja atavala chipewa chachikulu, adakumana ndi munthu wogulitsa mankhwala ozunguza bongo amene adamuyesa wina, namupatsira envulopu yodzaza ndi ndalama. Adasiyira anzakewo gawo la ndalamazo pamodzi ndi kalata, iye n'kupita ku bwalo la ndege. Kumeneko adauzidwa kuti ndege yokhayo yopita ku Ulaya tsikulo idali ya ku Budapest, ndipo adasintha maganizo. Willie ndi Eddie, amene tsopano adali atapambana pa mpikisano wa akavalo, adamulondola. Poganiza kuti Eva ali kale m'ndege, Willie adagula tikiti kuti akamutsitse. Ndege idanyamuka Willie ali momwemo, Eddie akuiyang'ana ali pansi, ndipo Eva adabwerera kuchipinda chopanda munthu.

Chimene chili kuseri kwa nthabwala

Makanema onena za anthu obwera ku America adayamba kale. Charlie Chaplin, amenenso adali mlendo wochokera ku England, adakonza The Immigrant mu 1917, mmene mlendo wosauka adavutika pa sitima ndi mumzinda koma pamapeto pake mwayi udamugwera. Mu 1983 mudatuluka El Norte wa Gregory Nava, nkhani yomvetsa chisoni ya mnyamata ndi mlongo wake othawa nkhanza ku Guatemala. Mu 1984 momwemo kampani yaikulu idatulutsa Moscow on the Hudson, mmene Robin Williams adasewera ngati woimba wa ku Soviet Union amene adathawira m'sitolo yaikulu ya ku New York. M'makanema onsewa America ndi malo amene munthu amawalakalaka, kaya akawapeza okoma kapena owawa. Nthawiyo idalinso ya udani pakati pa America ndi maiko achikomyunizimu, ndipo anthu ankayembekezera kuti mtsikana wochokera ku Hungary aoneke akugwada ndi kuthokoza chifukwa cha ufulu ndi chuma.

Eva sadachite zimenezo. Sadadabwe ndi kanthu, sadatamande kanthu, ndiponso sadalire. Adayang'ana New York, Cleveland ndi Florida ndi maso a mlendo, napeza zipinda zofanana, njala yofanana ndi kusungulumwa kofanana. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayu sadanyoze America, koma adaonetsa mbali imene zithunzi zokopa alendo sizionetsa, mbali imene anthu ambiri obwera amafikirako ndi kukalambirako.

Mtolo wolemera wa nkhaniyi uli pa Willie. Iye adalipira mtengo waukulu kuti akhale munthu wa ku America: adataya dzina, adataya chiyankhulo, ndipo adatalikirana ndi abale. Chimene adalandira posinthana ndi zonsezi chidali chipewa, kachipinda kamodzi, chakudya cha m'kabokosi ndi mpira umene sankatha kuufotokoza. Ukali wake pa Eva udachokera pa mantha, chifukwa mtsikanayo ankamukumbutsa chimene iye ankafuna kuiwala. Komabe chibale ndi fupa, sichiola. Munthu yemweyo amene sadafune kumulandira ndi amene adayenda ulendo wautali m'chisanu kukamuona, ndipo ndi amene adakwera ndege kuti asamutaye. Pamapeto pake, wokana kwawo ndiye adatengedwa kupita ku Budapest, pamene wongofika kumene adatsala ku America. Woonera amaseka, koma funso limatsala: kodi munthu amene wafafaniza kwawo, osalandiridwa kwenikweni kwa eni, ndi wa kuti?

Kulandiridwa kwake

Ku Cannes kuja, Wim Wenders, amene filimu yake yotsala idayambitsa ntchitoyi, adalandira mphotho yaikulu ya Palme d'Or chifukwa cha kanema wake Paris, Texas, m'chikondwerero chomwecho chimene Jarmusch adalandira Caméra d'Or. Mu Ogasiti 1984 Stranger Than Paradise adapatanso mphotho yaikulu ya chikondwerero cha ku Locarno, m'dziko la Switzerland. Kampani ya Samuel Goldwyn idayamba kumuonetsa ku America chakumapeto kwa chakacho, ndipo adabweretsa madola oposa 2 miliyoni. Ndalamazi zidali zochepa poyerekeza ndi za makanema otchuka a chaka chimenecho, monga Ghostbusters, koma zidaposa kutalitali zimene zidalowa. Bungwe la olemba za makanema la National Society of Film Critics lidamusankha kukhala kanema wopambana wa 1984, m'chaka chimene mphotho ya Oscar idapita kwa Amadeus.

Achinyamata ambiri adatengerapo phunziro. Spike Lee, amene adaphunzira pa sukulu imodzi ndi Jarmusch, adatulutsa She's Gotta Have It mu 1986, nayenso ndi ndalama zochepa ndi zithunzi zambiri zakuda ndi zoyera. Mu 1989 Steven Soderbergh adalandira Palme d'Or ndi kanema wina wosadalira makampani akuluakulu. Olemba mbiri ya makanema amaika Stranger Than Paradise pakati pa ntchito zimene zidatsegula njira imeneyi. Jarmusch mwini adapitiriza kujambula America kudzera m'maso a alendo: mkaidi wa ku Italy mu Down by Law mu 1986, achinyamata awiri a ku Japan mu Mystery Train mu 1989, mmene Screamin' Jay Hawkins adasewera ngati wolandira alendo pa hotela, ndi woyendetsa takisi wochokera ku East Germany mu Night on Earth mu 1991.

Kanema alowa m'nyumba

Kale kanema wotere akadaonetsedwa masabata ochepa m'mizinda ikuluikulu, kenaka n'kutsekeredwa m'nkhokwe. Munthu wa m'tauni yaing'ono sakadamuona konse. Koma nthawi idali itasintha. Kampani ya Sony idatulutsa makina a vidiyo a Betamax mu 1975, ndipo JVC idatulutsa a VHS mu 1976. Makampani ena a ku Hollywood adaopa kuti makinawa awaphera malonda, nakasuma kukhoti. Mu Januwale 1984, m'mwezi womwe Jarmusch ndi anzake ankajambula m'chisanu cha ku Cleveland, khoti lalikulu la America lidagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, kuti kujambula pulogalamu ya pa wailesi yakanema kuti munthu aonere nthawi ina kunyumba sikuphwanya lamulo. Masitolo obwereketsa matepi adachuluka m'dziko lonselo, ndipo mu 1985 sitolo yoyamba ya Blockbuster idatsegulidwa ku Dallas.

Masitolo amenewa ankafuna matepi ambiri odzaza mashelefu awo, motero makanema ang'onoang'ono adapeza malo pambali pa akuluakulu. Stranger Than Paradise adafika kwa anthu ambiri kudzera m'njira imeneyi. Kanemayu adagwirizana bwino ndi kuonera kwa kunyumba, chifukwa mbali yaikulu ya nkhani yake imachitikira m'zipinda zazing'ono, mmene anthu akhala pansi kuyang'ana wailesi yakanema, monga momwe woonerayo wakhalira. Tepi idalolanso munthu kubweza mmbuyo ndi kuonanso. Wobwereza amazindikira tinthu timene tidamudutsa poyamba, monga pamene Eddie akuwerenga maina a akavalo a mpikisano, ena mwa iwo ali maina a makanema a Yasujiro Ozu wa ku Japan, katswiri amene Jarmusch ankamulemekeza. Ophunzira za makanema adatha kuwerenga zidutswa zonse chimodzichimodzi ndi kuona momwe ntchitoyo idamangidwira.

Matepi adalowedwa m'malo ndi zimbale za DVD, zimene zidafika ku America mu 1997. Mu 2002 nyumba yosungira mabuku ya Library of Congress idaika kanemayu m'kaundula wa National Film Registry, mmene mumalowa makanema 25 okha pachaka, oyenera kusungidwira mibadwo yam'tsogolo. Mu 2007 kampani ya Criterion Collection, imene idayambanso mu 1984, idamutulutsa pa zimbale ziwiri za DVD atakonzedwanso bwino, pamodzi ndi Permanent Vacation ndi zithunzi zimene Tom Jarmusch, mbale wake wa wokonzayo, adajambula ntchito ili m'kati ku Cleveland. Mu 2019 kampani yomweyo idamutulutsa pa chimbale cha Blu-ray. Blockbuster idagwa mu 2010 pamene anthu adayamba kuonera makanema pa intaneti, koma kanema wopangidwa ndi filimu yotsala uja adapitirira kuoneredwa.

Mawu omaliza

Dziko limene lidabala kanemayu lidapita. Ulamuliro wachikomyunizimu udatha ku Hungary mu 1989, ndipo dzikolo lidalowa m'bungwe la European Union mu 2004. Dera la Lower East Side, limene lidali la osauka, lidasanduka lokwera mtengo. Screamin' Jay Hawkins adamwalira mu 2000. Jarmusch, mnyamata wopempha filimu yotsala uja, adalandira mphotho yaikulu ya chikondwerero cha ku Venice mu 2025 chifukwa cha kanema wake Father Mother Sister Brother, amenenso akunena za abale otalikirana.

Chimene sichidapite ndi vuto la Willie. Anthu akusamukabe kufunafuna moyo wabwino, ndipo aliyense wa iwo amafika pa mphambano pamene ayenera kusankha chimene asunge ndi chimene ataye. Ena amasintha dzina kuti eni dziko asavutike politchula. Ena amaleka kuyankhula ndi ana awo chiyankhulo cha makolo, poganiza kuti akuwathandiza. Stranger Than Paradise saweruza anthu otere, ndipo salalikira. Amangoonetsa azakhali okalamba amene adakana kusiya chiyankhulo chawo, mnyamata amene adasiya zonse, ndi mtsikana amene adaima pakati pawo, wosanyadira kwawo koma wosachita nako manyazi. Mwa atatuwa, amene adaoneka wosowa pogwira ndi uja adayesetsa kwambiri kufanana ndi eni dziko. Akuluakulu adanena kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Willie adaphunzira mwambi umenewu mochedwa, ali m'ndege yopita ku Budapest, atanyamula tikiti imene adagula ndi ndalama zake zomwe.